Mabuku a Zithunzi Zodzuka: Luso Lake ndi Kasungidwe Kake

Ambiri a ife tikamva mawu akuti buku timaganiza za masamba osalala okhala ndi zilembo zakuda, amene munthu amawerenga ndi maso okha. Koma ulipo mtundu wina wa mabuku umene sukwanira ndi maso okha ayi, umafunanso manja. Munthu akatsekula buku lotere, chithunzi chimene chidagona pakati pa masamba awiri chimadzuka n'kuimirira, kaya ndi nyumba, kaya ngalawa, kaya chilombo choyasama kukamwa. Akalitseka, chithunzi chija chimadzipinda chokha n'kugonanso. Angerezi amawatchula mabuku amenewa kuti pop-up. Ife m'nkhani ino tiwatchula mabuku a zithunzi zodzuka.

Nkhaniyi ikukhudza inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi pa zifukwa ziwiri. Choyamba, pa sukulu zambiri mphunzitsi ndiye msungi wa mabuku onse, ndipo buku likaonongeka m'manja mwake kawirikawiri palibe lina lolowa m'malo. Chachiwiri, mabuku amenewa ali ndi vuto limene liyenera kulingaliridwa bwino. Ukoma wake wonse uli m'kuyenda kwa zithunzi, koma kuyenda komweko ndiko kumawakalambitsa. Afanana ndi ng'oma: ng'oma yosaimbidwa ndi chipika chabe, koma nthawi iliyonse imene iimbidwa chikopa chake chimanka chitha. Tsono wosunga achite chiyani? Tisanayankhe, tiyambe taona kumene mabukuwa adachokera.

CHIYAMBI CHAKE

Anthu ambiri amayesa kuti mabuku a zithunzi zoyenda adayambira pa ana, koma si choncho. Adayambira pa anthu ophunzira amene adaona kuti zinthu zina sizifotokozeka ndi chithunzi chongogona. Cha m'ma 1250 mmonke wina wa ku St Albans ku England, dzina lake Matthew Paris, adamata kagudumu kozungulira pa tsamba la buku lake la mbiri. Pa kagudumupo adalembapo masamu opezera tsiku la Pasaka, kuti wowerenga azingozunguza iko kokha, osavutika ndi kutembenuza chibuku cholemera. M'chaka cha 1540 Petrus Apianus adasindikiza ku Ingolstadt, m'dziko la Germany, buku lotchedwa Astronomicum Caesareum, lokhala ndi magudumu a pepala osanjikizana ndi timaulusi, opezera malo a mwezi ndi nyenyezi zoyenda, ndiponso nthawi ya kadamsana. M'chaka cha 1619 sing'anga wina wa ku Germany komweko, Johann Remmelin, adatulutsa buku la thupi la munthu, m'mene wophunzira ankavundukula khungu la pepala n'kuona ziwalo zam'kati chimodzichimodzi.

Chitsanzo chimene chiyenera kukondweretsa mphunzitsi koposa ndi cha 1570. M'chaka chimenecho Henry Billingsley adatulutsa ku London buku la Euclid la masamu a maonekedwe a zinthu, atalimasulira m'Chingerezi. Atafika pa zinthu zokhala ndi utali, mulifupi ndi msinkhu, adaona kuti mizere yojambulidwa pa tsamba imasokoneza wophunzira. Chotero m'bukumo adamatamo timapepala timene wowerenga ankatiimiritsa ndi zala, ndipo piramidi inkaoneka yoimirira pamaso pake. Vuto lakelo ndi lomwe inu mudzakumana nalo m'kalasi, ndipo njira yake ikali yothandiza mpaka lero.

MMENE ADAFIKIRA KWA ANA

Padapita zaka mazana angapo luso limeneli lisanatembenukire kwa ana. Cha m'ma 1770 Robert Sayer, wogulitsa mabuku ku London, adayamba kutulutsa timabuku ta zithunzi zodulidwa pakati, zimene zinkasintha munthu akakweza theka lam'mwamba kapena kutsitsa lam'munsi. Cha m'ma 1860 a Dean & Son a mumzinda womwewo adapanga mabuku amene zithunzi zake zinkaimirira mwana akakoka kansalu kopyapyala.

Mmisiri wotchuka pa onse a nthawi yakaleyo ndiye Lothar Meggendorfer wa ku Munich, amene adabadwa mu 1847 namwalira mu 1925. Iye ankabisa timikono ta katoni pakati pa mapepala awiri, n'kutilumikiza ndi timisomali ta waya wopota. Mwana akakoka kalilime kamodzi kam'mphepete mwa tsamba, munthu wa pa chithunzi ankagwedeza mutu, kusuntha mkono ndi kutembenuza maso nthawi imodzi. Buku lake la 1887 lotchedwa Internationaler Circus limatambasuka kupitirira mita imodzi, ndipo lili ndi zithunzi zoimirira zisanu ndi chimodzi za bwalo la masewera.

Zithunzi zodzuka zokha pongotsekula tsamba zidatchuka ndi S. Louis Giraud wa ku London kuyambira 1929, ndipo dzina lija lakuti pop-up lidafala ndi a Blue Ribbon Books a ku New York kuyambira 1932. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 Vojtěch Kubašta wa ku Prague, amene adaphunzira ntchito yolemba mapulani a nyumba, adaonetsa kuti pepala limodzi lodulidwa ndi kupindidwa mwanzeru likhoza kusanduka nkhalango kapena nyumba ya mfumu. Mabuku ake adamasuliridwa m'zinenero zambiri. Pofika 1979 luso limeneli linali litalemekezeka kotero kuti buku la Jan Pieńkowski lotchedwa Haunted House lidapata mendulo ya Kate Greenaway, imene inkaperekedwa ku Britain kwa ojambula mabuku a ana.

CHIMENE CHIMADZUTSA CHITHUNZI

M'buku lotere mulibe makina kapena magetsi. Mphamvu yonse imachokera m'manja mwa wowerenga pamene akutsekula masamba, ndipo imafika pa chithunzi kudzera m'malo opindidwa. Njira zake zilipo zambiri, koma ziwiri ndizo maziko. Yoyamba ndiyo kumata kapepala kopindidwa pakati kuti miyendo yake iwiri ikhale ngati chilembo cha V, mwendo umodzi pa tsamba lamanzere, wina pa lamanja, nsonga yake ili pa msana wa buku. Masamba akamatalikirana amakoka miyendo ija, ndipo kapepalako kamakakamizika kuimirira. Yachiwiri ndiyo kudula mizere iwiri yotsatana modutsa pamene pepala lapindidwa, n'kukankhira m'kati kachigawo kapakati. Pepalalo likatsekulidwa theka, kachigawoko kamaima ngati kampando, ndipo pamenepo mmisiri amamatapo chithunzi chake.

Pali chinanso chimene mmisiri wa pepala sachiiwala. Pepala lopangidwa ndi makina lili ndi ulusi umene wambiri umaloza mbali imodzi, monga momwe nsungwi imang'ambikira bwino m'litali koma imakana m'mimba mwake. Pepala likapindidwa motsata ulusiwo limapindika mosalala. Likapindidwa modutsa ulusi limachita ming'alu. Mukhoza kudzionera nokha pong'amba nyuzipepala mbali zonse ziwiri.

Mutu umodzi susenza denga. Buku limodzi lotere limafuna wojambula, mmisiri wolinganiza mapindidwe, wosindikiza, ndi anthu ambiri omata, pakuti kufikira lero kachidutswa kalikonse kamapindidwa ndi kumatidwa ndi manja. Kwa zaka zambiri ntchito yomatayi inkachitikira makamaka mumzinda wa Cali ku Colombia, ndipo pambuyo pake idasamukira ku China ndi maiko ena a ku Asia. Ndicho chifukwa chake mabukuwa ndi okwera mtengo, ndipo akatha pa msika sasindikizidwanso msanga.

BUKU NGATI NTCHITO YA LUSO

Tsono tifike pa mabuku a amisiri a luso. Pali kusiyana pakati pa buku lonena za luso ndi buku limene ilo lokha ndilo luso. Loyambalo ndi chotengera chabe, ngati dengu lonyamuliramo mbiya. Lachiwirilo ndilo mbiya yeniyeniyo: pepala lake, kukula kwake, kulemera kwake ndi katsekulidwe kake zonse zidasankhidwa ndi mmisiri kuti zinene kanthu. Kawirikawiri mabuku otere amapangidwa owerengeka, ndipo nthawi zina limodzi lokha.

Kuyambira 1949 Bruno Munari wa ku Milan adayamba kupanga mabuku amene iye mwini adawatcha osawerengeka, opanda mawu konse, okhala ndi masamba a mitundumitundu, odulidwa, obooledwa ndi olowetsedwa ulusi. Cholinga chake chinali kuonetsa kuti pepala lili ndi chinenero chakechake. M'chaka cha 1967 Andy Warhol wa ku New York adatulutsa buku lotchedwa Index, m'mene mumadzuka linga, ndege ndi chitini cha tomato, ndipo pakati pa masamba ena adaikapo baluni. Mu 1997 Kara Walker, mayi wakuda wa ku America, adatulutsa Freedom: A Fable, nthano ya mkazi wa nthawi ya ukapolo amene akulota za ufulu. Zithunzi zake zonse ndi za pepala lakuda bii, ngati zithunzithunzi za anthu pa khoma. Iye adatenga dala mtundu wa buku umene anthu amauyesa choseweretsa ana, n'kuusenzetsa mbiri yowawa, kotero kuti wowerenga amadzidzimuka poona kuti manja ake omwe ndiwo adzutsa zinthu zimene ambiri akadakonda kuti zigonebe. Mu 2011 Tauba Auerbach adapanga mabuku asanu ndi limodzi opanda mawu, lililonse lotsekuka kamodzi kokha n'kusanduka chinthu chachikulu choimirira, monga piramidi kapena mpira.

Kodi luso limeneli lisiyana bwanji ndi chosema kapena chithunzi cha pa khoma? Chosema chimaima chimodzimodzi usana ndi usiku, kaya pali woonera kaya palibe. Buku la zithunzi zodzuka silitero. Likatsekedwa lusolo kulibe. Limabadwa pa kamphindi kamene masamba akutalikirana, ndipo liwiro la kubadwako lili m'manja mwa wowerenga. Mmisiri adayamba ntchito, koma woitsiriza ndi wotsekula buku. Chotero amene wangoona chithunzi cha bukulo, kapena waliona litatsekulidwa kale kuseri kwa galasi, sadalione lonse.

ADANI A MABUKUWA

Walira mvula walira matope. Mdani woyamba ndi kuyenda komwe tikukuyamikiraku. Popinda paliponse ndi ngati bondo, ndipo ulusi wa pepala umaduka pang'onopang'ono nthawi iliyonse imene bondolo lipindika. Timalilime tokoka timathothoka, ndipo chithunzi chimodzi chikapindika molakwa potseka buku chimaphwanya zinzake.

Mdani wachiwiri ali m'kati mwa pepala lenilenilo. Kale mapepala ankapangidwa ndi nsanza za nsalu, ndipo ambiri a iwo akali olimba. Koma kuyambira cha m'ma 1850 ndi 1860 adayamba kupangidwa ndi mitengo yopera, ndipo mapepala otsika mtengo a mtundu umenewu amakhala ndi asidi amene amawafiiritsa ndi kuwaumitsa mpaka ayamba kuyoyoka ngati tsamba louma. Mabuku a Giraud adasindikizidwa pa mapepala otsika mtengo kuti anthu wamba athe kuwagula. N'zodabwitsa kuti buku la 1570 likhoza kukhala lolimba koposa la 1930.

Mdani wachitatu ndi kusagwirizana kwa zipangizo. Guluu amauma n'kuleka kugwira. Waya wachitsulo amachita dzimbiri n'kudya pepala lomuzungulira. Mphira amafewa, kenako n'kuuma. Baluni uja wa m'buku la Warhol adasungunuka m'makope ambiri n'kumata masamba awiri pamodzi. Apa wosunga amakhala pa mphambano: akachotsa baluni wachotsa chiwalo cha lusolo, akamusiya akusiya choononga.

Adani otsala ndi akunja: kuwala kwa dzuwa kumene kumasuwitsa utoto, fumbi, makoswe, mphemvu zokonda guluu, chiswe, ndi chinyezi. Chinyezi cha mumpweya chikapitirira magawo 65 pa 100 kwa nthawi yaitali, chuku chikhoza kuyamba kumera pa pepala. Madzi ndiwo oopsa koposa. Pa 4 November 1966 mtsinje wa Arno udasefukira mumzinda wa Florence ku Italy n'kumiza mabuku osawerengeka m'matope, ndipo amisiri a maiko ambiri amene adapita kukapulumutsa mabukuwo ndiwo adayala maziko a kakonzedwe ka mabuku ka masiku ano. Mu October 2012 namondwe wotchedwa Sandy adadzaza madzi m'chipinda chapansi cha Printed Matter, sitolo ya mabuku a amisiri ku New York, ndipo mabuku zikwi zingapo adaonongeka.

KAKONZEDWE NDI KASUNGIDWE

Okonza mabuku a m'malaibulale akuluakulu amatsata malamulo atatu. Loyamba: usachite kanthu kamene wobwera pambuyo pako sangathe kukamasula. Lachiwiri: chita zochepa zokhazo zimene zifunika. Lachitatu: lemba zonse zimene wachita, ndipo ujambule bukulo usanaligwire.

Chifukwa cha lamulo loyambalo, iwo sagwiritsa ntchito selotepi. Selotepi imaoneka ngati yothandiza tsiku loyamba, koma pakapita zaka imafiira, imakakatuka, ndipo imasiya banga la mafuta limene silichoka. M'malo mwake amaphika phala lopyapyala la sitachi ya tirigu, limene likhoza kumasulidwa ndi chinyezi pang'ono, n'kumata nalo kapepala kopepuka ka ku Japan. Pepala limenelo limapangidwa ndi khungwa lam'kati la mtengo wotchedwa kozo, wa banja limodzi ndi mabulosi, monga momwe makolo athu ankapezera chiwondo ku khungwa la mtengo. Ulusi wake ndi wautali, chotero limapindika kambirimbiri osaduka.

Koma kukonza buku la zithunzi zodzuka kuli ndi chovuta chimene buku wamba lilibe. Chigamba chikakhala chokhuthala, bondo lija limauma, chithunzi sichigonanso bwino, ndipo mphamvu imasamukira pa malo ena ofooka n'kung'amba pamenepo. Wokonza ayenera kuyamba wamvetsa mmene chithunzicho chimayendera. Ambiri amayamba apanga chitsanzo chake ndi pepala wamba, n'kuyesera pa icho, asanakhudze buku lenileni. Kachidutswa kakasowa amapanga kena, koma sabisa kuti n'katsopano.

Posunga, buku lililonse la mtengo wapatali limakhala lotsekedwa m'bokosi lakelake la katoni wopanda asidi, pa malo ozizira, ouma ndi amdima. Salipanikiza pakati pa mabuku ena kapena kulisanjikiza zolemera, pakuti m'kati mwake muli zinthu zosanjikana kale. Poonetsa anthu amalitsamiritsa pa chochirikiza kuti msana usathyoke, ndipo salisiya lotsekula pa tsamba limodzi nthawi yaitali, chifukwa chithunzi chikaimirira miyezi yambiri chimawerama ndipo chimaiwala njira yake yogonera. Pogwira, malaibulale ambiri tsopano amalangiza manja osambidwa ndi ouma, osati magolovesi, pakuti chala chovekedwa sichimva pamene pepala likukana.

KUTSEKERA KAPENA KUTSEKULA

Tibwerere ku funso lathu. Ena amati njira yabwino ndiyo kutsekera bukulo kuti lisagwiridwenso. Njira imeneyi imasunga pepala, koma imapha lusolo, pakuti taona kuti lusolo limakhalapo pokhapokha buku likutsekulidwa. Ena amati buku lidapangidwira manja, lisiyeni lithe. Njira imeneyi imakondweretsa anthu a lero n'kumana a mawa.

Osunga anzeru amadutsa pakati. Amalola kuti bukulo litsekulidwe, koma mwa nthawi, pang'onopang'ono, ndi munthu wodziwa. Amajambula kanema wa kadzukidwe ka tsamba lililonse kuti ambiri aone popanda kugwira. Amapanganso chofanizira cha pepala latsopano chimene aliyense akhoza kukoka ndi kupinda. Pamene zitheka amasunga makope awiri, lina logwiritsa ntchito, lina losunga, monga mlimi amapatula chimanga cha mbewu pa chimanga chakudya. Bungwe la Movable Book Society, limene lidayambitsidwa ku America mu 1993 ndi Ann Montanaro, wogwira ntchito m'laibulale, limasonkhanitsa amisiri, osunga ndi okonda mabukuwa, ndipo limapereka mphotho yotchedwa dzina la Meggendorfer. Chimene onsewa adazindikira n'chakuti kusunga pepala kokha sikukwanira. Kuyenera kusungidwanso nzeru ya mapindidwe, ndipo nzeru imeneyo imakhala m'manja mwa anthu.

GAWO LA MPHUNZITSI

Apa ndipo pamene inu mulowa. Kapena sukulu yanu idzalandira buku limodzi kapena awiri a zithunzi zodzuka pakati pa mabuku a mphatso. Musalitsekere m'kabati ya mphunzitsi wamkulu kufikira chiswe chitalipeza, komanso musaliponye pakati pa ana makumi asanu ndi atatu kuti alimbirane. Khazikani ana pansi, mulitsekule inu mwini pa tebulo ndi manja awiri, ndipo potseka muziyang'ana kuti chithunzi chilichonse chagona m'njira yake. Pambuyo pake aitaneni awiriawiri, atasamba m'manja ndi kupukuta, osanyowetsa chala ndi malovu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwana amene waphunzira kudekha pa buku limodzi lotere adzasamala mabuku onse.

Buku lisakhale pansi kapena kutsamira khoma, makamaka nthawi ya dzinja. Likhale pa alumali wotalikira pansi, kutali ndi zenera ndi podontha denga, ndipo muziliyendera mwezi ndi mwezi. Kachidutswa kakathothoka musakataye, ndiponso musakamate ndi selotepi. Kaikeni mu envulopu, mulembepo tsamba limene kachokera, n'kukasunga pamodzi ndi bukulo.

Koposa zonse, phunzitsani ana kupanga awoawo. Katoni wopyapyala wa mabokosi a sopo kapena a tiyi, sizasi ndi phala la ufa wa chinangwa zikwanira, kungoti zomatidwa ndi phala zimaitana mphemvu, chotero ziume bwino ndi kusungidwa m'chitini chotseka. Mwana amene wadula mizere iwiri n'kuona kalulu wake akudzuka pakati pa tsamba, nalemba nthano yake m'Chichewa pansi pake, waphunzira kuyeza, kupenda ngodya, kulemba ndi kufotokoza pa ntchito imodzi. Ndipo wadziwanso ndi zala zake chifukwa chimene popinda pafunika ulemu.

ZOTI MUYESE

1. Ng'ambani nyuzipepala m'litali ndi m'mimba, ndipo munene mbali imene ulusi wake waloza.

2. Pangani kampando ka mizere iwiri ndi chilembo cha V monga tafotokozera. Tsekulani ndi kutseka chilichonse maulendo 100, n'kulemba pamene payamba kufooka.

3. Konzani tsamba limodzi la chithunzi chodzuka lothandiza pa phunziro la masamu kapena la nthano m'Sitandade 3, ndipo mufotokoze chimene chithunzi choimiriracho chiphunzitsa chimene cha pa bolodi sichingathe.

4. Yenderani malo osungira mabuku pa sukulu imene mukuchitira zoyeserera, mulembe adani a mabuku amene mwawapeza, ndi chimene chingachitike pa aliyense popanda kugula kanthu.